Masamba Amene Ndinatumiza kwa a Natu

Anzanga pa Nsipe amati ine ndikanena kuti kunja kukugwa mvula, munthu ayambe watulutsa dzanja pawindo. Sindikana. Pakamwa panga pamakulitsa zinthu pokha, ine ndisanavomereze n'komwe. Koma nkhani iyi ndiyesetsa kuisiya pamsinkhu wake, ngakhale ndikudziwa kuti pena ndiphonya.

Ku Joni ndinapita nditangolemba mayeso a Fomu 4. Zotsatira sindinadikire, chifukwa pepala la masamu ndinalibweza loyera kuposa mmene anandipatsira. Amayi anagulitsa mbatata ya kachewere ya munda wonse, ine n'kukwera galimoto ya transipota wina momwe tinapanikizana mwakuti mwendo umene ndinkakanda sunali wanga. Masiku atatu. Titafika ndinali wamfupi kuposa mmene ndinachokera.

Ntchito ndinapeza ku Fordsburg, m'nyumba yosungiramo nsalu ya mmwenye wina, a Vijay. Kutsitsa mabelo m'mathiraki. Belo limodzi linkalemera ngati ng'ombe yaikazi yokhala ndi bere, ndipo ine nthawi imeneyo ndinali ngati ndodo ya tsache. Tinkagona Amalawi asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi, wina akafuna kutembenuka ankayamba walengeza. Kuzizira kwa mu Juni kumeneko, kwa ku Ntcheu kuno ndi mwana wakhanda. Koma anyamata aja anali bho. Ukadwala ankanamiza bwana kuti akuteteze, nsapato yako ikang'ambika umavala ya amene ali pa holide tsiku limenelo.

Tsiku lina belo linandiponda chala chachikulu. Ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano chifukwa amayi anga amadziwa kuwerenga. Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu, m'Chichewa chenicheni:

"Watukwana ndani, mwana wopanda mwambo iwe?"

Kutembenuka, ndi gogo wachimwenye pa njinga ya olumala, atafunda bulangete, pakamwa patapendekera mbali imodzi. Ndinaganiza kuti chala chija chandipha ndipo uku ndi kumwamba kolakwika. Anandifunsa kwathu. Ndinati ku Ntcheu. Anati Ntcheu ndi wamkulu, unene bwino. Nditati ku Nsipe, gogo uja anayamba kulira ndi diso limodzi, linalo lili phee.

Amenewo anali a Natu, bambo awo a bwana. Anabadwira pa Boma pompano, kuseri kwa sitolo ya bambo awo. Anachoka ali mnyamata, nthawi imene boma linalamula kuti amwenye achoke m'matauni ang'onoang'ono apite m'mizinda. Anakhala ku Limbe, kenako atakalamba anatsatira mwana wawo ku Joni. Sitiroko itawagwira inapha mbali yakumanzere, ndipo Chizungu chinayamba kuwathawa. Chimene chinatsala ndi chilankhulo chakwawo ndi Chichewa cha paubwana, chakale, chimene ine ndinkangochimva kwa anthu a pamaliro.

Funso lawo lachitatu ndi limene linandigwetsa m'mavuto. Anati, "Kachisi wathu uja alipo?"

Pa Boma ndinali nditapitapo kambirimbiri, kuchipatala, kumsika, kukaonera mpira pa TV. Kachisi wa amwenye sindinamuonepo, sindinamvepo ngakhale munthu akumutchula. Koma ndinayang'ana mabelo, ndinayang'ana njinga ija, ndinaona kuti yopepuka kukankha ndi iti.

"Alipo, agogo. Anamupenta chaka chatha."

Sabata yomweyo a Vijay anandichotsa ku mabelo. Iwo Chichewa chawo chinkathera pa moni ndi mitengo ya katundu, ndiye ataona kuti bambo awo akhala tsiku lonse osaponya mbale chifukwa chocheza ndi ine, anati ndizikhala kunyumba. Kuwasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa, kuwakankha padzuwa. Dzina langa a Natu sanavutike nalo. Ankangoti, iwe Nsipe.

M'nyumba imeneyo nyama sinkalowa, ngakhale dzira. Zaka ziwiri ndiwo zamasamba ndi mphodza zamitundu sikisite. Ndinafika polota mbewa zitandandalika pakamtengo zikundiitana dzina. Lamulungu ndikapita kwa anyamata kuja ndinkadya mapazi a nkhuku ngati ndikubwezera adani.

Koma kachisi uja, abale. Munthu ankamukonda ngati mkazi woyamba. Sikuti anali chinyumba ayi. Anali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, cha njerwa, denga la malata, mabanja asanu okha ndi amene ankapempheramo. Pakhomo panali kabelu kamkuwa kamene aliyense ankaliza polowa, ndipo iwo ali mwana ankanyamulidwa kuti akafikire. Ku Joni tinkawapititsa ku kachisi wamkulu, wonyezimira mwakuti umatha kumetera ndevu pakhoma. Iwo ankangoyang'ana n'kunena kuti muno mukununkha ngati mu banki, tiye kunyumba.

Ndikamawameta ndi pamene ankayamba. Ankati nthawi ya Diwali, chikondwerero chawo cha nyali, amayi awo ankaitanitsa tinyali tadothi kwa mayi wina woumba mbiya wa ku Champiti, amene ankabwera nato pamutu m'dengu atayala udzu. Ankathiramo mafuta a mtedza, n'kundandalika pakhonde, pamawindo, mpaka pa mpanda. Pakhomo atsikana ankajambula maluwa ndi ufa wopaka mitundu, nkhuku za aneba n'kubwera m'mawa kudzadya maluwawo. Tsiku lotsatira ankaunjika zakudya patsogolo pa milungu yawo ngati phiri, akatha kupemphera n'kugawira aliyense, ndiye ana a pa Boma ankafola kuyambira pakhomo mpaka pamsewu. Panalinso masiku asanu ndi anayi ovina mozungulira akumenyanitsa timitengo. Chaka china ng'oma yawo inang'ambika, ndiye anabwereka ya mlonda wawo. Mlondayo anati ng'oma yake saimba munthu wina, n'kukhala pakati pa bwalo yekha. Akuti anthu a m'midzi ankabwera kudzasuzumira pa mpanda akuti tiyeni tikaone ngoma ya amwenye, yopanda zishango.

Ndiye panali tulasi. Ndi kachitsamba kawo kopatulika, konunkhira. Amayi awo anabwera ndi njere zake atamanga pa nsonga ya nsalu pochokera kwawo kutsidya kwa nyanja, n'kubzala pa kachulu ka njerwa kamene anamanga pakhomo pa kachisi. M'mawa uliwonse ankakathirira, madzulo n'kukayatsira nyali. Ndipo kamodzi pachaka, mvula ikayandikira, ankakaveka nsalu yofiira ngati mkwatibwi n'kukakwatitsa kwa mulungu wawo, ndi nyimbo, ndi chakudya, ukwati weniweni. Ine ndinati agogo, chitsamba chikupeza banja chaka ndi chaka, ine wamiyendo iwiri palibe wandilola. Anati chifukwa chitsamba sichilankhula.

Akatha kufotokoza inali nthawi yanga. Ankafunsa, ine n'kumamanga. Ndani amasamalira? Ndinati pamabwera wansembe kuchokera ku Lilongwe mwezi ndi mwezi pa galimoto yoyera. Belu lija? Limamveka mpaka ku Nsipe, ndi limene linkandidzutsa popita kusukulu. Nyali za Diwali? Madalaivala a mathiraki pa M1 amazimitsa magetsi chifukwa kumawala kale. Pa tulasi ndinapitirira muyezo. Ndinati panopa ndi wamkulu ngati mtengo wa mango, akabaza amapumira pamthunzi pake. Anandiyang'ana ndi diso labwino lija n'kunena kuti tulasi sapitirira m'chiuno. Ndinati ameneyu anamuthira feteleza wa makuponi. Anaseka mpaka kutsamwa, a Mina, akazi awo a bwana, n'kubwera akuthamanga ndi madzi.

Ankadziwa kuti ndimawonjezera. Ankachotsapo mango, n'kuchotsapo mathiraki. Koma pansi pa zonsezo ankasiyapo chinthu chimodzi chimene sanachikayikire, choti kachisi alipo ndipo chitsamba cha amayi awo chili moyo.

Sitiroko yachiwiri inabwera ndikuwaveka sokosi. Atatuluka m'chipatala anali theka la theka. Kumeza kunkavuta, mawu ankatuluka limodzilimodzi. A Mina ndi amene anandifotokozera kukhitchini kuti kwawo munthu akamatsirizika amamuika tsamba la tulasi m'kamwa ndi dontho la madzi opatulika, kuti ulendo wake uyende bwino. Anandionetsa tulasi wawo, ali mu mphika pakhonde, wobiriwira bwinobwino. Vuto linali loti a Natu anamukana. Ankafuna wa amayi awo. Ankaloza ine ndi chala chimene chinkagwirabe ntchito n'kumati, Nsipe akatenge.

A Vijay anandiitanira panja, pafupi ndi galimoto. Anandifunsa m'Chizungu, mofatsa, kuti mnyamata, ndiuze zoona, chinthu chimenechi chilipodi? Anati ngati kulibe palibe mlandu. Ndikabisale kwa anzanga sabata imodzi, iwo athyola tsamba la pakhondepo, tidzanena kuti lachokera ku Malawi.

Khomo linali limenelo, lotsegula, lalikulu ngati la chigayo. Koma pawindo panali a Natu, mutu utapendekera pa pilo, akutiyang'ana. Ndipo ndinaganiza kuti munthu amene ndamunamiza zaka ziwiri, tsamba lomaliza lokha likhale loona. Mwinanso kachisiyo alipodi, ine sindinangoyang'ana bwino. Pakamwa panayankha ndisanamalize kuganiza.

"Chilipo, bwana. Ndikudziwa pamene chili."

Tsiku lonyamuka anandiuza malamulo, mawu amodziamodzi, ine nditaika khutu pakamwa pawo. Usambe kaye. Uvule nsapato. Usathyole dzuwa litalowa. Usagwiritse mpeni kapena chikhadabo. Ndipo uyambe wapepesa kwa chitsambacho, uchiuze amene wakutuma.

Pa boda anatsegula pasipoti yanga n'kuona kuti masiku amene anandipatsa anatha kalekale, ndili ndi ndevu zitatu zokha. Mayi wa pawindo sanakalipe. Anangodinda chidindo chimene chinamveka mpaka ku Mozambique, n'kundiuza kuti dziko lawo ndiliiwale kwa zaka zingapo. Ndinakwera basi ndikudziwa kuti tsamba likhoza kubwerera ku Joni, koma mwini kulitenga ayi.

Kunyumba ndinapeza mng'ono wanga watenga chipinda changa, nsapato zanga, ndi mawu a bambo wamkulu. Mchemwali wanga anakwatiwa ndi munthu amene ndinkamukopera homuweki. Amayi anayang'ana chikwama changa, n'kuyang'ana kumsewu ngati kukubwera ngolo ya katundu wotsala. Nditawauza kuti ndabwera kudzathyola tsamba la mmwenye, anakhala pansi. Madzulo ake ndinamva akuuza anzawo a kumapemphero kuti mundikumbukire, mwana wabwera ndi zinthu.

M'mawa ndinasamba madzi ozizira, ndinakwera minibasi mpaka pa Boma. Akabaza onse amene ndinawafunsa za kachisi wa amwenye ankandiloza ku mzikiti. Ndinazungulira mpaka dzuwa kufika pamutu. Amene anandithandiza ndi a Twaibu, telala wokalamba amene amasoka pakhonde la imodzi mwa masitolo akale aja. Nditatchula a Natu anaimitsa makina. Anati Natu wa miyendo yoonda uja akadali moyo? A Twaibuwo anaphunzira kusoka pakhonde lomwelo, ndipo paubwana ankafola nawo pamzere wa zakudya uja, bambo awo osadziwa.

Ananditengera kuseri. Kachisi uja ndi simenti ya pansi basi, yong'aluka, ndi mzere umodzi wa njerwa. Malata anapita, belu a Twaibu sankadziwa kuti linathera kuti. Pamalopo amayi ena amasenda mbatata ya tchipisi. Kachulu ka njerwa kaja kalipo, kokhako, ndipo pamwamba pake panali beseni la mbale zakuda.

Ndinaima pamenepo ngati munthu amene wapeza nyumba yake itapsa, chonsecho nyumbayo ndinamanga ndekha ndi pakamwa.

Koma m'mphepete mwa kachuluko, m'ming'alu ya simenti, munamera titsamba. Tofika m'mawondo, timaluwa tating'ono kunsonga, ukakhudza fungo n'kukwera. Ndinawerama. Ndinafunsa a Twaibu ngati ali tulasi. Anafikisa tsamba, ananunkhiza nthawi yaitali, n'kunena kuti akhoza kukhala zidzukulu za yemwe uja, chifukwa ankagwetsa njere kwambiri. Kenako anati akhozanso kukhala mpungabwi wamba, zimafanana, ndipo mphuno zawo zinakalamba. Mayi wina wa tchipisi sanadikire kufunsidwa. Anati umenewo ndi mpungabwi achimwene, uli ponseponse, ife timathamangitsira udzudzu.

Ndinayesa kukumbukira wa mu mphika wa pakhonde ku Joni. Zaka ziwiri ndinkadutsa pambali pake tsiku lililonse ndikukankha njinga, koma sindinamuyang'anepo. Ndinali wotanganidwa kufotokoza wamkulu ngati mango. Foni inali m'thumba. Ndikanatha kujambula tsamba n'kutumizira a Mina. Sindinatero. Akanati si ameneyo, ndikanatsala ndi chiyani?

Ndinavula nsapato. Ndinagwada pa makoko a mbatata. Amayi aja anasiya kusenda, akabaza awiri anaimika njinga. Ndinalankhula motsitsa, koma pamalo pamene pali chete mawu amayenda.

"Pepani. Andituma a Natu, mwana wa amene anakubzalani. Akudwala. Ngati si inu, pepaninso."

Wina anaseka, wina anati za ku Joni zimenezo, akufuna kulemera. Pofika madzulo nkhani inali itandidutsa pa minibasi n'kukafika ku Nsipe, yoti ndinagwadira chitsamba ndili maliseche. Kwa nthawi yoyamba ndinamva mmene zimakhalira wina akakuwonjezera.

Ndinathyola masamba khumi ndi zala, ndinakulunga m'kansalu konyowa, n'kuika m'kachitini. Kachitsamba kamodzi ndinazula ndi mizu yomwe. Transipota yemwe uja anali kunyamuka m'mawa mwake. Anati atsegule kaye, sanyamula chamba. Ananunkhiza n'kundifunsa ngati ku Joni kwavuta udzudzu. Ndinamupempha kuti asaike pafupi ndi matumba a usipa.

Masiku anayi sindinkadya bwino, ndipo apa sindikuwonjezera. Lachisanu m'mawa, ndili kumunda ndi amayi tikukwezera mizere ya mbatata, foni inalira. Uthenga wa mawu wa a Mina. Anati kachitini kanafika dzulo masana. Masamba anali atafota n'kuda, koma anafika. A Natu sankathanso kulankhula, m'mphuno munali machubu, koma atawauza kuti Nsipe watumiza, anakagwira ndi dzanja labwino lija osakasiya. Anapita m'mawa uno dzuwa litatuluka. A Vijay anawaika tsamba limodzi palilime, masamba enawo adzapita nawo kowotcha mtembo. Anandithokoza katatu. Kumapeto anati pakhala mapemphero pakatha masiku angapo, ndiye ngati ndingathe nditumize chithunzi cha kachisi, akufuna achiike pambali pa chithunzi cha bambo.

Ndinakhala pa mzere. Amayi anafunsa kuti kwagwanji. Ndinati agogo aja apita, ndipo mwina ndawatumiza kwa Mulungu wawo ndi mankhwala a udzudzu m'kamwa. Ndinkayembekeza kuti ayamba za mapemphero zija. Anangotula khasu n'kukhala pambali panga. Kenako anafunsa ngati munthuyo ankandisunga bwino. Ndinati ankanditukwana tsiku lililonse. Anati ndiye ankakukonda.

Kachitsamba ndinazula kaja ndinakabzala m'chigubu chodula, kali pakhonde. Kakula, kafika m'mawondo, kaima pomwepo. Tsiku lina ndinapeza mng'ono wanga wathyolako nthambi akukupiza m'chipinda chake, chimene chinali changa, ndipo tinamenyana mpaka aneba kubwera. Iye akuti udzudzu unathawadi. Ndinafunsa aphunzitsi anga akale a zaulimi ngati tulasi nayenso amathamangitsa udzudzu. Anati sanamumvepo. Amwenye a ku Lilongwe akhoza kundiuza tsiku limodzi lokha, ndi ulendo wa basi imodzi. Sindinapite. Mvula itayandikira ndinang'amba kansalu kofiira ku chitenje chakale cha mchemwali wanga n'kukamangirira, anthu ali kumunda. Amayi anakaona pobwera. Sanakachotse.

Chithunzi chija ndi chimene chatsala. Mapemphero anadutsa kalekale, koma a Mina analembanso kawiri, mwaulemu, kuti ndikapeza mpata. Pa Boma ndapitako katatu ndi foni. Ndaima kumanja, ndaima kumanzere, ndagwada pansi, ndakwera pa njinga ya kabaza. Tsiku lina mayi wa tchipisi uja anandichotsera beseni lake popanda kumupempha, n'kusesapo. A Twaibu anabweretsa nsalu yoyera kuti mwina tiphimbe ming'alu. Tinaima atatu tikuyang'ana pa foni. Simenti, mzere wa njerwa, kachulu, titsamba.

A Twaibu anandifunsa kuti nanga Natu ndinkamuuza kuti pali chiyani. Ndinayamba kuwauza, za penti, za wansembe wa galimoto yoyera, za belu lomveka ku Nsipe, za mathiraki ozimitsa magetsi. Anamvetsera mpaka kumapeto, mayi uja mpeni uli m'manja osasenda.

"Anali wokongola," anatero a Twaibu.

Uthenga wa a Mina ukadali pomwepo. Sindinayankhe.